Njovu Zopanda Mchombo

Firozabad, 9 Malichi 2002

Wokondedwa mphwanga Tanvir,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira uli bwino ku Sharjah, ku Arabu kumeneko. Kuno tilipo. Alamu ako a Mehrun akupereka moni, ine ndikutsokomola monga mwa masiku onse, ndiye kuti ndikadali moyo.

Ndalemba kalata m'malo moimba lamya chifukwa lamya ya mumsewu mwathu ili m'sitolo ya a Haji Munne, ndipo nkhaniyi ikukhudza iwo omwewo. A Haji akufuna kanyumba kathu ka ng'anjo. Akuti aboola khoma, akulitse sitolo, azigulitsamo mafoni a m'manja. Abwera katatu, ulendo uliwonse atanyamula bokosi la maswiti ngati akudzafunsira mbeta. Maswiti ndikudya, yankho sindikupereka.

Koma ndikuuze chilungamo. Wogula wathu wa ku Agra wasiya kutenga njovu zathu za galasi. Akuti alendo masiku ano akufuna za ku China, za makina, zofanana zonse ngati mazira. Zathu akuti iliyonse ili ndi nkhope yake, ina ikuseka, ina ikuoneka ngati yaferedwa. Ndinamuuza kuti njovu zili choncho kumene. Iye anati sagulitsa njovu, amagulitsa galasi. Yankho labwino kwambiri linandibwerera, koma ndinali nditakwera kale basi.

Pa mabanja khumi ndi anayi amene ankaumba tinyama ta galasi mumsewu muno, tatsala tokha. Ukukumbuka zimene Abba, bambo athu, ananena ali gone, iwe mbali iyi ine mbali inayo, kuti moto wa ng'anjo usazime iwo akapita. Iwe unalira kwambiri, unalonjeza, kenako unakwera ndege. Ine sindinalire, ndiye ndi amene ndinatsala ndi motowo.

Ndakutumizira bokosi la njovu makumi asanu. Inaperewera imodzi, ndiye ndadzazitsa ndi yakale imene inali pa alumali, kabati yathu ija. Ukazionetse kwa abwana ako a sitolo ya mphatso ija. Akazifuna, moto ukhala. Akazikana, kiyi ndiwapatsa a Haji. Usandinamize pofuna kundisangalatsa, ndakula.

Ine mkulu wako,
Azmat

Sharjah, 4 Epulo 2002

Achimwene,

Waleikum salaam. Kalata yafika, bokosinso lafika, palibe njovu yothyoka chitamba. Alamu amanga bwino. Nyuzipepala zokulungira ndawerenga zonse, mpaka zidziwitso za maliro a anthu osawadziwa. Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kutentha, ndipo tikugonabe anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi.

Tsono khalani pansi. Abwana azikonda. Anatenga imodzi n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaitembenuza n'kuwaonetsa mchombo, kachipsera ka pamimba kaja kamene kamatsala mukaithyola pa ndodo yachitsulo. Ndinawafotokozera monga Abba ankafotokozera alendo, kuti ya manja imakhala ndi mchombo chifukwa inakulira pa ndodo, pamene ya makina imangogwa m'chikombole, mimba yosalala, msoko pamsana.

Akufuna makumi asanu miyezi iwiri iliyonse. Ndalama zizidzera mwa ine. Komanso andichotsa pa ntchito yopukuta fumbi m'mashelefu, tsopano akunditcha woyang'anira katundu wa ku India. Mwaona, njovu zanu zakweza ine.

Chinthu chimodzi chokha: mabokosi muzitumiza pa keyala ya kuchipinda kwanga, osati ya kusitolo. Abwana sakufuna kuti masitolo oyandikana nawo adziwe kumene tikuzitenga.

A Haji muwauze akagulitsire mafoni awo kwina. Ndikuvomera kuti ndinathawa ng'anjo, koma lonjezo lija tinapanga awiri.

Mng'ono wanu,
Tanvir

Firozabad, 19 Meyi 2002

Tanvir,

Kalata yako ndaiwerenga katatu ndekha, kawiri mokweza pamalo omwera tiyi. Sindinafune kudzitama, anthu ake ndi amene anandikakamiza, ngakhale kachiwiriko palibe anandipempha. Tsopano akunditcha Azmat wa ku Arabu, ndipo ndimayenda ngati munthu amene ali ndi pasipoti.

Ndinapita kwa a Haji kukabweza bokosi la maswiti. Linali lopanda kanthu, komabe anamva.

Ndalama zafika. Ndadzaza gasi, ndagula galasi labwino, loyera ngati madzi. Bokosi lachiwiri lanyamuka dzulo. Uwauze abwana kuti ali ndi maso, si ngati uja wa ku Agra. Ukaona zilembo zanga zikuvina usadabwe, cholembera ichi n'cha ku China.

Azmat

Sharjah, 12 Januwale 2003

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Kodi kuli bwanji kumeneko? Mwangoti zii. Bokosi la Julayi linafika, koma la Sepitembala ayi, la Novembala ayi, ndipo makalata anga awiri simunayankhe. Pa Idi ndinaimba lamya, anayankha a Haji, anati muli kumzikiti. Patapita maola atatu ndinaimbanso, anati mukadali kumzikiti. Achimwene, ndimakudziwani, inu maola atatu mumzikiti simungakhale. Mawu a a Haji anali achimwemwe kwambiri, ndipo zimenezo zandisowetsa mtendere.

Ngati mwayambanso kuganiza zopereka kiyi, dziwani kuti nkhaniyi sinso ya inu nokha. Abwana akufunsa tsiku ndi tsiku. Dzulo anena kuti njovu zikasiya kubwera, sakuona chifukwa chosungira woyang'anira katundu wa ku India. Kuno munthu akachotsedwa ntchito samubweza kunyumba kokha, amamukweza ndege. Sindikukuopsezani, ndikungofuna kuti mudziwe.

Yatsani ng'anjo, achimwene. Ndiyankheni msanga.

Tanvir

Firozabad, 6 Febuluwale 2003

Tanvir,

Tili bwino. Kunali kuzizira, gasi anavuta, ndi zina. Bokosi lanyamuka Lachiwiri, ndipo kuyambira lero silizichedwanso. Ntchito yako siitha chifukwa cha ine.

Azmat

Sharjah, 20 Julayi 2003

Achimwene,

Salaam. Ndikuthokoza, mabokosi akufika pa nthawi yake, la Febuluwale, la Epulo, la Juni. Abwana ndi okondwa, ineyo ndanenepa.

Ndili ndi kafunso, musakatenge molakwika. Masiku ano mabokosi amatsegula ndi abwana, koma sabata yatha ndinatsegula ndekha. Njovu zake n'zokongola zedi. Zonse zaima chilili, makutu ofanana, zitamba zofanana, mulibe kathovu ngakhale kamodzi m'galasi. Ndinatembenuza imodzi, ndinatembenuza yachiwiri, ndinatembenuza bokosi lonse. Achimwene, michombo ili kuti?

Mwina mwapeza njira yatsopano imene ine wothawa ng'anjo sindikuidziwa. Ngati ndi choncho, mundikhululukire. Dzanja likuyenda bwanji ndi cholembera chija? Kalata yanu yomaliza inali yaifupi ngati ya ku banki.

Tanvir

Firozabad, 11 Ogasiti 2003

Tanvir,

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pa ng'anjo. Abba ankandimenya pamutu ndi dzanja lawo lamanzere lija iwe usanamere mano. Lero munthu amene anapsa chala kamodzi n'kulira mpaka ku Arabu akundifunsa za michombo.

Njovu zikakhala zopendama, mukuti zapendama. Zikaima bwino, mukuti mchombo uli kuti. Ndinkaisalaza pa gudumu lonolera poganiza kuti Aarabu sakonda zipsera. Poti mukuifuna, muipeza. Bokosi la mwezi uno iliyonse ili ndi mchombo, uwauze abwana awerenge.

Alamu ako akuti udye bwino. Ine ndilibe mawu ena.

Azmat

Firozabad, 9 Novembala 2003

Alamu a Tanvir,

Salaam aleikum. Ndine Mehrun. Chikwatiwire m'nyumba ino sindinakulembereni kalata, ndiye mudziwe kuti zafika posauzana. Ndikulemba ndili pa kusala kudya, bodza mulibemo. Achimwene anu sakudziwa, apita ku Delhi.

Ng'anjo inazima chaka chatha, mwezi wa Okutobala. Ndayamba ndi chimenecho kuti ndisachite mantha n'kuyamba kukamba za nyengo.

Dzanja lawo limanjenjemera. Si cholembera. Dokotala wa ku Agra anati ndi matenda osatha, mankhwala amangochepetsa. Njovu zomaliza zinatuluka zitamba zili ngati zingwe, anaziphwanya okha. Tsiku lina galasi lamoto linagwa pa ndodo n'kutera pafupi ndi phazi lawo. Madzulo ake anatseka gasi okha, osandiuza kanthu, anabwera n'kudya mphodza ngati palibe chachitika. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amalowabe m'kanyumbamo, n'kutseka chitseko, n'kuyatsa gudumu kuti anthu amve phokoso. A Haji si mwana. Khoma lawo lija linkatentha zaka zonsezi moti ankayanikapo matawulo, tsopano likuzizira.

Anali atatsala pang'ono kukuuzani. Kalata anailemba, ndinaiona. Ndiye inafika yanu ya Januwale ija, yoti abwana akukwezani ndege. Anakhala masiku awiri osadya. Lachitatu anakwera sitima ya ku Delhi, anabwerako ndi katoni. Alamu, njovu zonse zimene mwalandira chaka chino n'za ku China. Amakazigula kumsika waukulu kwa amwenye anzathu oitanitsa katundu, atadziphimba kumaso ndi mpango kuti asakumane ndi wowadziwa. Ine ntchito yanga ndi kumatula timapepala ta pansi ndi madzi ofunda. Zikhadabo zanga zatha.

Mpaka pamenepo ndinapirira. Koma inu munafunsa za michombo. Tsopano amakhala pa gudumu, njovu aigwira ndi manja awiri kuti isavine, n'kumaboola mchombo pamimba. Pa zisanu zilizonse imodzi imasweka. Ndinawauza kuti, "Bambo, mwana wa mmisiri wamkulu Ustad Karamat wasanduka wojambula michombo pa njovu za eni?" Anati, "Iwe ona zako, matula mapepala." Sabata yatha gudumu linawasenda chala chachikulu mpaka kuoneka zoyera. Anachimanga ndi nsanza n'kupitiriza, akuti bokosi la Disembala lisachedwe.

Ndikukupemphani chinthu chimodzi. Kagwadireni abwana anuwo. Auzeni akusungeni pa ntchito popanda njovu, ngakhale akubwezereni kopukuta fumbi. Kenako mulembe kuno kuti Aarabu atopa ndi njovu, akufuna ngamila, chilichonse. Akamva kuti ntchito yanu ilipo, asiya. Ndikuopa kuti tsiku lina gudumu lidzatenga chala chonse.

Musawauze kuti ndalemba.

Mlamu wanu,
Mehrun

Sharjah, 28 Novembala 2003

Alamu,

Waleikum salaam, ndi Idi yabwino, ngakhale yanga sinakome. Kalata yanu ndinaiwerengera pa masitepe, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka mlonda anadzandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Munati ndisawauze achimwene. Ine ndikuti kalata iyi muwawerengere, mokweza, chifukwa ndilibe nkhope yowalembera ndekha.

Abwana sindingakawagwadire. Abwana sanagulepo njovu ngakhale imodzi.

Tsiku lija anaiyang'anadi nthawi yaitali. Kenako anaiyika patebulo, inagwedera. Anatenga yachiwiri, nayonso inagwedera. Za mchombo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye ukufuna ndigulitse chipsera? Bweza m'bokosi, ukapukute shelefu yachitatu." Alamu, pa shelefu yachitatu ndi pamene pamakhala njovu za ku China. Woyang'anira katundu wa ku India kulibe. Ndine wopukuta fumbi, monga kale, ndipo fumbi lake ndimalidziwa ndi mayina.

Ndinkati ndilembe zoona, koma ndinaona kiyi ali m'manja mwa a Haji, ndinaona Abba pabedi paja, ndipo cholembera chinayamba kunama chokha. Ndalama zimene ndinkatumiza n'za magalimoto amene ndimatsuka Lachisanu. Njovu zonse zili pano. Zili pansi pa bedi langa, pansi pa mabedi a anzanga asanu, ndi pamwamba pa kabati. Mnzanga wa ku Kerala amati akatembenuka kutulo amamva ngati akuyendetsa ngolo ya mabotolo.

Kalata ya Januwale ija ndinailemba poganiza kuti achimwene angogwa ulesi, akufunika kuwakankha. Ndinkadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo. Ndinamukankha munthu wodwala mpaka ku Delhi.

Mabokosi ndinali nditasiya kutsegula, ndinkangowalowetsa pansi ndi phazi. Mu Julayi anabwera opopera mphemvu, tinatulutsa zonse, lina linang'ambika. Nditangoona msoko pamsana ndinazidziwa, poti ndimazipukuta tsiku ndi tsiku. Koma ndinaganiza kuti achimwene ntchito yawachulukira, akungodzazitsa. Ndiye linafika la Ogasiti. Michombo yonse malo amodzi, yobulungira ngati mabatani a malaya, msoko pamsana uli pomwepo. Ndinaseka mpaka anzanga anadabwa. Lero ndamva za chala chija, kusekako kwandiwawa.

Tsono taonani ulendo wake. Njovu ichoke ku China, ifike ku Delhi, ikwere sitima mpaka kwathu, inu muimatule kapepala, achimwene aiboole pamimba, ikwere ndege, idzagone pansi pa bedi langa, pamene abale ake ali pa shelefu tsidya la msewu. Palibe njovu padziko pano imene inavutikapo chonchi popanda chifukwa.

Achimwene, poti tsopano mukumva ndi inu: ntchito yanga ilipo, sinagwedezekepo, fumbi silitha kuno. Zimitsani gudumu. Munati ndisakunamizeni, ndinakunamizani. Ndikhululukireni.

Tanvir

Firozabad, 21 Disembala 2003

Tanvir,

Alamu ako andiwerengera kalata yako ataima pakhomo kuti ndisathawe. Pa ndime ya ulendo wa njovu anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinaseka mawa lake, ndili ndekha m'kanyumba kaja, moti a Haji anagogoda khoma.

Ndinafuna kukukalipira, ndinakonza ndi mawu omwe. Koma wakuba angamukalipire bwanji wabodza? Abba anabala zitsiru ziwiri, china chotumiza, china cholandira. Iwe unkatsuka magalimoto kuti moto usazime, moto utazima kale. Ine ndinkasenda chala kuti usachotsedwe pa udindo umene kulibe. Wanzeru m'nkhani yonseyi ndi mmwenye wa ku Delhi uja, amene ankandipatsa tiyi n'kumandifunsa ngati ndili ndi sitolo yaikulu.

Ndakukhululukira, nawenso uchite chimodzimodzi, tisachulutse. Chala chikupola. Gudumu ndazimitsa. A Haji ndawauza kuti kiyi atenga ikapita Idi ya mbuzi, ndipo abweretsanso maswiti. Ulendo uno sindinadye.

Tsono pali chimene ndikupempha. Ndafufuza nyumba yonse, mulibe njovu yanga ngakhale imodzi. Zaka zonsezi ndimaumba n'kutumiza, kuumba n'kutumiza, sindinaganizepo zosunga, poti ndinkati mawa ndiumba ina. Zanga zenizeni zimene zatsala padziko zili pansi pa bedi lako, mabokosi atatu oyamba aja. Unditumizire imodzi. Ngati zasakanikirana ndi zinazo, uziike patebulo, zanga zimagwedera, ndipo mchombo weniweni umakanda chala. Usankhe yabwino kuposa zonse. Ndikufuna ndikamakhala pakhonde ndizionetsa anthu kuti ndinali ndani.

Azmat

Sharjah, 16 Januwale 2004

Achimwene,

Salaam. Lachisanu sindinapite kotsuka magalimoto. Tinakankhira mabedi kukhoma, tinayala zanu zonse pansi, zana limodzi ndi makumi asanu, tonse asanu ndi mmodzi titagwada ngati tikupemphera. Tinachotsa, tinachotsa, mpaka zinatsala zitatu, kenako imodzi. Panalibe wotsutsa. Ngakhale wa ku Kerala, amene amadana nazo, anati iyi ikuoneka ngati ikufuna kuyenda.

Ndaikulunga m'malaya anga. Ndinali ndisanaziyang'anepo bwino, achimwene, ndinkangoziona ngati mlandu. Ndinu mmisiri. Iyi ikuuzani yokha.

Tanvir

Firozabad, 8 Febuluwale 2004

Mphwanga,

Yafika, yosathyoka. Malaya ako alamu achapa, kolala yake yatha, ugule ena.

Mwasankha bwino, iwe ndi akuluakulu anzako asanu aja. Ndi yabwinodi kuposa zonse. Nditangoimasula ndinaima nayo pawindo, ndikuti kodi ndinaumba liti chinthu chotere. Ndinaitana alamu ako kuti adzaone mwamuna amene anakwatiwa naye. Kenako ndinaitembenuza.

Mchombo wake wapendekera kumanzere. Ine ndimathyola ndi dzanja lamanja.

Ukukumbuka bokosi loyamba lija, inaperewera imodzi ndipo ndinadzazitsa ndi yakale ya pa alumali? Ndi imeneyi. Ndi ya Abba, a dzanja lamanzere aja. Pa njovu zanga zonse, amuna asanu ndi mmodzi mwagwada tsiku lathunthu n'kusankha imodzi yokhayo imene sindinaumbe ine. Alamu ako anatsegula pakamwa kuti aseke, anandiyang'ana, anapita kukatereka tiyi.

Sindikukwiya. Akanandifunsa ine, ndikanasankha yomweyo.

Dzulo linali tsiku la kiyi. A Haji anafika ndi amisiri awiri ndi nyundo. Ndinawapempha adikire panja pang'ono. Ndinalowa ndi njovuyo, ndinaiyika pakamwa pa ng'anjo, pozizira. Chaka ndi miyezi ndakhala ndikubisa kwa iwe, kwa a Haji, kwa msewu wonse, koma amene ndinkawaopa kwenikweni ndi Abba. Ndinati, "Abba, moto unazima. Ndi ine, dzanja lakana. Tanvir anayesetsa, mopusa, koma anayesetsa." Ndinalira pamenepo, zimene sindinachite tsiku lija pabedi. Kenako ndinaitenga, ndinatuluka, ndinapereka kiyi. Pamene ndikulemba pano akugumula khoma, n'chifukwa chake zilembo zikuvina kuposa kale.

Ya Abba ndaibwezera pa alumali pamene inali. Tsono unditumizirenso ina, ya ine. Ulendo uno usayale pansi, usaitane anzako, usasankhe. Ungopisa dzanja m'bokosi n'kutola.

Ine mkulu wako,
Azmat